Masingano, zitsamba ndi LA: kodi mankhwala achikhalidwe aku China ndi chani kwenikweni?

Nkhani ya mankhwala aku China imasokoneza chifukwa anthu akamakangana amakhala akukamba zinthu zosiyana koma dzina akutchula limodzi. Wina akunena za tiyi wa pa WhatsApp uja amene eti amachiza shuga, BP ndi kusabereka zonse pakamodzi, wina akunena za masingano amene anaona pa TV munthu atamubaya msana onse, wina wamva kuti LA wa malungoyu anachokera ku chitsamba cha ku China, pomwe wina akukamba za ngaka zimene anthu akumangidwa nazo. Zonsezi zilimo mu nkhaniyi, koma umboni wake ndi osiyana kwambiri, ndiye munthu akangoti "zimagwira" kapena "ndi zabodza" funso loyamba likhale lakuti mukunena ziti?

Qi, yin ndi yang: mmene iwo amalionera thupi

Maziko a zonse ndi chinthu chimene amachitcha qi. Iwo amati mthupi mumayenda mphamvu ya moyo, ndipo ili ndi njira zake zoyendamo, zikuluzikulu zilipo 12, iliyonse yolumikizana ndi chiwalo china monga mapapo, chiwindi, impso kapena mtima. Ganizirani ngalande za mu sikimu ya mpunga. Madzi akamayenda bwino munda onse umakhala obiriwira, koma ngalande ikatsekeka penapake, uku kusefukira uku kuuma. Matenda kwa iwowa ndi choncho, qi watsekeka, wachepa kapena wachuluka malo ena, ndipo ntchito ya sing'anga ndi kutsegula. Fanizo la mitsinje ndi ngalandeli eni ake amaligwiritsa ntchito mmabuku awo akale.

Kenako pali yin ndi yang, mbali ziwiri zotsutsana koma zodalirana. Yin ndi kuzizira, mdima, kupuma, chinyezi. Yang ndi kutentha, kuwala, kutakataka. Thanzi ndi pamene ziwirizi zili pa mlingo oyenera. Palinso zinthu zisanu, mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, chilichonse ndi chiwalo chake, mwachitsanzo mtengo ndi chiwindi, madzi ndi impso.

Maganizo amenewa analembedwa mu buku lotchedwa Huangdi Neijing zaka zoposa 2000 zapitazo, lolembedwa ngati kucheza kwa mfumu ndi alangizi ake. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo panalibe makina oonera tizilombo, ndipo ku Ulaya nako madokotala ankakhulupirira kuti matenda amabwera madzi anayi a mthupi akasokonekera. Kusiyana kwake nkwakuti ku Ulaya anazisiya zimenezo, ku China anazisunga pambali pa chipatala chamakono.

Apa pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa. Sing'anga wa njira imeneyi akakuuzani kuti "impso zanu zafooka" sakunena zimene dokotala angapeze atayeza magazi ku labu, akunena za dongosolo lawo lija, mwina chifukwa mwamuuza kuti msana ukupweteka, mukutopa komanso mmakutu mukulira. Anthu ena amachita mantha zosafunika, ena amaganiza kuti ayezedwa impso pomwe ayi. Ndipo ofufuza za thupi mpaka pano sanapezepo njira za qi zija ngati mmene timaonera mitsempha ya magazi. Otsatira ena amati qi aliko ndithu, ena amati ndi chilankhulo chabe chofotokozera zimene akale ankaona kwa odwala.

Kuyeza kwake kumakhala kuyang'ana, kumvetsera ndi kununkhiza, kufunsa, ndi kugwira. Amakutulutsitsani lilime nkuona mtundu wake ndi zoyera za pamwamba, amagwira pa mkono ndi zala zitatu kumva mmene mtsempha ukugundira, mbali zonse ziwiri, ndipo mabuku awo amatchula kagundidwe ka mitundu pafupifupi 28. Mafunso amakhala ambirimbiri, tulo, thukuta, chimbudzi, ludzu, maloto. Anthu awiri a mutu opweteka atha kupatsidwa mankhwala osiyana, zimenezi tizisunge chifukwa zibweranso kutsogoloku.

Sizinayende chimodzimodzi zaka zonsezo

Otsatsa amakonda kunena kuti "zaka masauzande osasintha" koma mbiri yake ili ndi zokwera ndi zotsika. Mu 1822 mfumu ya China inachotsa masingano ku sukulu ya madokotala a kunyumba yachifumu. Mu 1929 akuluakulu a zaumoyo m'boma anafuna kuthetseratu using'anga wakalewu, asing'anga anasonkhana ku Shanghai nkukana, ganizolo linagwa. Zinadzasintha chipani cha chikomyunizimu chitatenga boma mu 1949. Dziko linali ndi anthu mamiliyoni mazanamazana, madokotala amakono ochepa zedi, ndiye boma la Mao Zedong linasankha kugwiritsa ntchito zonse ziwiri. Mu 1956 anatsegula makoleji a mankhwala achikhalidwe ku Beijing, Shanghai, Guangzhou ndi Chengdu, analemba mabuku ofanana ophunzitsira, zambiri za mizimu anazichotsamo. Ndiye chimene dziko likuchitcha TCM lero, chidule cha Traditional Chinese Medicine, ndi chakale inde, koma chinakonzedwanso ndi boma mzaka za mma 1950. Pano ku China kuli zipatala zathunthu za njirayi, ndipo lamulo lapadera loiteteza ndi kuitukula linayamba kugwira ntchito mu 2017.

Acupuncture, kubaya ndi masingano

Iyi ndi ija yotchuka. Amatenga timasingano toonda kwambiri, toonda kuposa singano ya jakisoni, nkubaya pa malo osankhidwa a pakhungu. Mulibe mankhwala mu singanomo, palibe chimene akukuthirani mthupi. Timasinganoto amatisiya mphindi 20 kapena 30, nthawi zina kumatipotokola pang'ono kapena kulumikiza ku kamagetsi kochepa. Malo obayapo amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda ogwirizana alipo 361. Wina angaganize za mphini, koma ndi zosiyana, mphini amatema nkupakapo mankhwala pomwe apa singanoyo ndiye chithandizo chake.

Pali kankhani kosangalatsa ka mmene ankaphunzitsira. Cha mma 1027 dokotala wina dzina lake Wang Weiyi anapangitsa ziboliboli za mkuwa zazikulu ngati munthu, zokhala ndi timabowo pa malo onse obaya. Akuti pa mayeso ankachimata phula nkuthiramo madzi mkati, ophunzira akabaya pamalo oyenera madzi amatuluka, akaphonya singano imangogunda mkuwa. Mayeso opanda kubera amenewo.

Pambali pa masingano pali kuotcha masamba ouma a chitsamba china pafupi ndi khungu kuti patenthe, komanso makapu okoka khungu aja amene amasiya zizindikiro zozungulira zofiirira, amene ambiri anawaona koyamba pa mapewa a katswiri wosambira Michael Phelps ku Olympics ya ku Rio mu 2016.

Kumaiko a azungu za masinganozi zinatchuka mu 1971. Mtolankhani wa New York Times, James Reston, anadwala apendikisi ali ku Beijing, anamupanga opaleshoni yamakono bwinobwino ndi mankhwala ochititsa dzanzi, koma pambuyo pake mmimba mutamuvuta anamubaya masingano ndipo iye analemba kuti anapezako bwino. Nkhaniyo itafala, ena anaikokomeza mpaka kumati anamung'amba ndi masingano okha, zomwe sizoona.

Nanga zimagwiradi? Apa ndi pamene nkhani imakoma. Kuti udziwe ngati mankhwala akugwira, umapatsa gulu lina enieni, gulu lina onamizira, odwala asadziwe. Ndi mapilitsi nzosavuta, koma singano yonamizira uipanga bwanji? Ofufuza anapeza njira, kubaya pang'ono chabe pa malo amene si a qi, kapena singano yobwerera mchigwiriro chake osalowa mkhungu. Ku Germany anachita kafukufuku wamkulu pa anthu opitirira 1,100 a msana opweteka kwa nthawi yaitali, zotsatira zinatuluka mu 2007. Patatha miyezi 6, mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 48 obayidwa mwa dongosolo anapezako bwino, obayidwa monamizira 44, olandira chithandizo cha masiku onse cha mapilitsi ndi mafizo 27.

Taonani manambalawo kawiri. Okonda acupuncture amaloza 48 ndi 27 nkumati mwaona, yaposa chipatala. Otsutsa amaloza 48 ndi 44 nkumati mwaona, olo ubaye pena paliponse nchimodzimodzi, ndiye njira za qi zija zili kuti? Onsewa akuwerenga pepala limodzi. Pali ofotokoza kuti kubaya khungu kumapangitsa thupi kutulutsa timadzi take tochepetsa ululu, ena amati mbali yaikulu ndi chiyembekezo cha odwala komanso kusamalidwa, munthu kukhala nawe theka la ola kukumvetsera si chinthu chaching'ono kwa amene wavutika zaka. Ku Germany inshulansi ya boma inayamba kulipira acupuncture pa msana ndi nyamakazi ya mmaondo. Ku Britain bungwe lolangiza za chithandizo la NICE mu 2016 linati isagwiritsidwe ntchito pa msana, koma mu 2021 linati itha kuyesedwa pa ululu wokhalitsa opanda chifukwa chodziwika, ndipo limailola pa kupewa mutu waching'alang'ala. Akatswiri enieniwo sakumvana.

Pamene pali kumvana ndi apa: umboni umene ulipo uli pa ululu ndi nseru. Palibe umboni oti masingano amapha kachilombo ka HIV, amachotsa khansa kapena kuchiza TB. Zoopsa zake ndi zochepa obayayo akakhala ophunzira, koma zilipo, singano yogwiritsidwa kale itha kufalitsa matenda a chiwindi, ndipo yolowa kwambiri pachifuwa itha kuboola mapapo. Masingano azikhala atsopano otsegulidwa mupaketi inu mukuona.

Zitsamba

Ku China kwenikweni mbali yaikulu ya using'angawu ndi mankhwala akumwa, masingano ndi kagawo chabe. Timati zitsamba koma mulinso miyala, bowa, tizilombo ndi ziwalo za nyama. Buku lakale la Shennong linatchula mankhwala 365. Li Shizhen anatha zaka pafupifupi 27 akulemba buku lake lalikulu Bencao Gangmu, analimaliza mu 1578, muli mankhwala 1,892 ndi kasakanizidwe koposa 11,000.

Kawirikawiri sapereka chitsamba chimodzi. Amasakaniza, ndipo amazisanja ngati boma, pali mfumu yolimbana ndi vuto lenileni, nduna yothandizira, othandiza ochepetsa ukali wa zinazo, ndi mthenga ogwirizanitsa zonse. Chitsanzo ndi msakanizo wa sing'anga Zhang Zhongjing wa cha mma 200 wa chimfine chobwera ndi kuzizidwa, muli chitsamba cha ma huang, nthambi za sinamoni, njere za apurikoti ndi muzu otsekemera wa gan cao. Ma huang ameneyu si masewera, ndi mmene asayansi anapezamo ephedrine, mankhwala amene anathandiza a mphumu kwa zaka zambiri ndipo mpaka lero amagwiritsidwa ntchito kufiyeta BP ikatsika. Koma ma huang yemweyo atayamba kugulitsidwa ku America ngati ochepetsa thupi anthu ena anadwala mtima ndi sitiroko, ena kufa, boma linaletsa mu 2004. Chitsamba chomwecho, ntchito ina, mlingo wina.

Nkhani ya LA

Iyi ndiye imatikhudza tonse. Nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam malungo ankagwetsa asilikali ambiri ndipo chloroquine anali atayamba kukanika. Pa 23 May 1967 China inakhazikitsa ntchito yachinsinsi yofuna mankhwala atsopano, yotchedwa Project 523. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, ndi gulu lake anasonkhanitsa njira zakale zoposa 2000 nkumayesa pa mbewa za mu labu. Chitsamba cha qinghao, chimene asayansi amati Artemisia annua, chinkaonetsa mphamvu lero mawa ayi. Mayiyu anabwerera ku buku la sing'anga wakale Ge Hong la zaka za mma 300, momwe analemba kuti tenga qinghao odzadza dzanja, viika mmadzi, finya, imwa. Kuviika, osati kuwiritsa. Anaganiza kuti mwina moto ndi umene ukuononga mphamvuyo, anasintha nkuyamba kutulutsa ndi mankhwala osungunulira otchedwa ether pa kutentha kochepa, ndipo mu 1971 zinatheka. Iye ndi anzake anayamba amwa okha asanapatse odwala. Mankhwalawo ndi artemisinin, ndipo mu 2015 Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel.

LA ndi mankhwala awiri, lumefantrine ndi artemether. Artemether amachokera ku artemisinin uja, lumefantrine nayenso anapangidwa ndi asayansi aku China. Kuno ku Malawi tinasiya chloroquine mu 1993 kupita ku Fansidar, kenako mu 2007 nkubwera LA. Ndiye aliyense amene anamwako timapilitsi tachikasu tija wakhudzanapo ndi buku la Ge Hong.

Koma phunziro lake anthu amalimva mosiyana. Ena amati uwu ndi umboni oti mmabuku akalewo muli chuma. Ena amati eya, koma mwa njira masauzande zija zambiri zinalephera, ndipo imene inapambana inadutsa mu labu, kuyezedwa mlingo, kuyesedwa pa anthu, palibe za yin ndi yang pamenepo. Ine ndikuona kuti onse akunena zoona, sizikutsutsana. Chofunika kudziwa nchakuti tiyi wa artemisia si LA. Mphamvu ya mmasamba imasiyana malinga ndi dothi, kakololedwe ndi kasungidwe, ndipo WHO imaletsa kuchiza malungo ndi tiyi ameneyu poopa kuti mlingo ochepa sumaliza tizilombo, umangotiphunzitsa kupirira, mapeto ake LA yemweyo adzasiya kugwira. Mkanganowu unabukanso mu 2020 pamene Madagascar inatulutsa chakumwa cha artemisia ponena kuti nchothana ndi Covid.

Pali chitsanzo chinanso chodabwitsa, madokotala aku Harbin mzaka za mma 1970 anapeza kuti arsenic, poizoni weniweni amene ankapezeka mu mankhwala ena akale, amathandiza mtundu wina wa khansa ya mmagazi, ndipo lero ndi mankhwala ovomerezeka mzipatala zapadziko lonse pa khansa imeneyo basi.

Mawu oti "zachilengedwe" asatipusitse

Kumayambiriro kwa zaka za mma 1990 ku Brussels, Belgium, azimayi pafupifupi 100 amene ankapita ku kiliniki ina yochepetsa thupi anaonongeka impso, ambiri mpaka kufika pa dialysis kapena kuikidwa impso ina, ena pambuyo pake anapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Chinachitika nchakuti chitsamba chimene chinkafunika chinasinthanitsidwa ndi china cha dzina lofanana nacho, cha mtundu wa Aristolochia, chomwe chili ndi asidi oononga impso. Maiko ambiri anachiletsa.

Mavuto ena ndi a msika. Oyeza mmaiko osiyanasiyana akhala akupeza zitsulo za poizoni ngati lead ndi mercury mu mankhwala ena, komanso mankhwala achizungu obisidwamo mwakabisira, makamaka mu aja "opatsa mphamvu abambo" amene amapezeka ndi sildenafil wa mu Viagra. Munthu nkumayamikira chitsamba pomwe wamwa pilitsi osadziwa mlingo wake. Komanso zitsamba zimatha kulimbana ndi mankhwala akuchipatala, dan shen mwachitsanzo amaonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, munthu nkumataya magazi. Amene ali pa ma ARV, a shuga, a BP kapena oyembekezera, kumuuza dokotala zimene mukumwa nkofunika, ndipo kusiya mankhwala akuchipatala chifukwa cha kabotolo kolembedwa zilembo zosawerengeka ndi kumene kumapweteketsa anthu. Tinenenso kuti zambiri zogulitsidwa mmisika ndi pa intaneti ndi dzina la China sizidutsa nkomwe mmanja mwa sing'anga ophunzira wa TCM, amene amatha zaka zisanu ku yunivesite, ndipo iwonso amadandaula nazo.

Ngaka, chipembere ndi abulu

Gawo ili ndi lalifupi koma lowawa kwa ife a ku Africa. Mamba a ngaka ndi nyanga ya chipembere zinalembedwa mmabuku akale ngati mankhwala, chonsecho zonsezi nzopangidwa ndi keratin, chinthu chomwe chimapanga zikhadabo zathu. China inaletsa malonda a nyanga ya chipembere mu 1993, ndipo mu 2020 inachotsa mamba a ngaka pa mndandanda waukulu wa mankhwala ovomerezeka, ngakhale oteteza nyama amati mankhwala ena osakaniza kale anatsalabe nawo. Makhothi a ku Malawi akhala akugamula anthu zaka zambiri kundende chifukwa chopezeka ndi ngaka. Palinso ejiao, opangidwa powiritsa zikopa za abulu, amene msika wake unakula mpaka abulu anayamba kusowa ndi kubedwa mmaiko angapo, ndipo mu February 2024 African Union inagwirizana zoletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa. Asing'anga ambiri a TCM amati pali zitsamba zolowa mmalo mwa zonsezi ndipo iwo sazigwiritsa ntchito, koma ogula akadalipo.

Mafunso amene akadali poyera

Mu 2019 WHO inavomereza buku latsopano la maina a matenda, ICD-11, ndipo koyamba munalowa mutu wa matenda monga amawatchulira a mankhwala achikhalidwe a ku China, Japan ndi Korea. WHO inati cholinga ndi kuwerengera chabe zimene zikuchitika kale, si kuvomereza kuti zimachiza. Asayansi ena ku Ulaya anati anthu wamba sadzasiyanitsa, otsatsa adzangoti "WHO yavomereza". Ndani akulondola, tiona mmene zikuyendera.

Funso lina ndi la kayesedwe. Paja tinati anthu awiri a matenda amodzi amapatsidwa misakanizo yosiyana, ndiye uyesa bwanji chinthu chimene chimasintha pa munthu aliyense? Otsatira amati kafukufuku wa chizungu sakwanira pa njira yawo, otsutsa amati chilichonse chimene chimachiza chiyenera kuoneka ukawerenga anthu ochira. Palinso dandaulo lakuti kafukufuku wambiri wa acupuncture ochokera ku China amatuluka ndi zotsatira zabwino pafupifupi nthawi zonse, zomwe zimakaikitsa ofufuza ena. Nanga ngati singano yonamizira imathandiza pafupifupi mofanana ndi yeniyeni, odwala msana alipire kapena asalipire? Boma liike ndalama zake pamenepo kapena ayi?

Ndipo kwa ife kuno, mankhwala olowa mdziko ngati tiyi kapena "zoonjezera mthupi" amayezedwa ndi ndani, kangati, ndipo munthu akavulala nawo akadandaule kuti? Pomaliza pali funso limene nkhani ya Tu Youyou imasiya, kuti mwa zitsamba masauzande zija ndi zingati zina zili ndi mankhwala enieni amene sanapezedwebe, ndipo ndani alipire zaka zambirimbiri za mu labu kuti tidziwe.